Manambala a veshoni pa pulojekiti ya vidiyo: mmene mungawakwezere osaphwanyira anzanu zinthu

Tsegulani terminal pa kompyuta yomwe ili ndi FFmpeg 7.0, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo ndi mawu, mulembe ffmpeg -version. Mzere woyamba ukuuzani kuti 7.0, bho, koma munsi mwakemo mupeza manambala ena osagwirizana nkomwe ndi 7 uja: libavutil 59, libavcodec 61, libavformat 61, libavfilter 10, libswscale 8, libswresample 5. Anthu ambiri mizere imeneyi amangoyidumpha, chonsecho nkhani yonse yagona pamenepo. 7.0 uja ndi wa munthu amene akungofuna kusintha vidiyo yake ya MKV ikhale MP4, pomwe 61 uja ndi wa munthu amene walemba pulogalamu yake yomwe imaitana mkati mwake libavcodec, imodzi mwa ma laibulale a FFmpeg, ndiye kuti code yomwe mapulogalamu ena amabwereka, ndipo anthu awiriwa nkhawa zawo sizifanana olo pang'ono.

Ndiye ngati muli ndi pulojekiti yanu ya open source, kaya ndi player, kaya ka pulogalamu kodulira ndi kulumikiza mavidiyo, kaya laibulale ya ma subtitle, malangizo awa ndi anu. Nditchula kwambiri FFmpeg chifukwa ndi yakale, anayiyambitsa Fabrice Bellard mu 2000, komanso VLC, mpv, OBS Studio, HandBrake ndi Kdenlive onsewa amatsamira pa ma laibulale ake, nde iwowo alibe mwayi woseweretsa manambala.

Choyamba: dziwani amene nambala ikulankhula naye

Musanalembe nambala iliyonse khalani pansi muwerenge kuti pulojekiti yanu ili ndi malonjezo angati. Nambala ya veshoni ndi lonjezo kwa munthu wina amene simudzaonana naye, yoti akakweza kuchoka apa kupita apa zinthu zake zipitiliza kugwira ntchito kapena ayi. Pa pulojekiti ya vidiyo malonjezowa nthawi zambiri amakhala atatu.

Lina ndi la pulogalamu yomwe anthu amatsegula, ija amati ndikugwiritsa ntchito 7.0. Lina ndi la laibulale, ngati pali anthu amene amalinka code yawo ku yanu. Lachitatu lomwe ambiri amaiwala ndi la mafayilo omwe pulogalamu yanu imalemba, monga fayilo ya pulojekiti ya editor, ma preset, config. Munthu wasunga ntchito ya ukwati wa anthu mu fayilo yanu, patapita chaka watsegula ndi veshoni yatsopano, pulogalamu iyenera kudziwa kuti fayilo iyi ndi ya kale isinthe bwinobwino, ndipo veshoni yakale ikakumana ndi fayilo yatsopano ikane mwaulemu osati kutsegula theka ma clip ena atasowa. Izi zimatheka pokhapokha mkati mwa fayilomo muli ka nambala kakekake, kongokwera 1, 2, 3, kosadalira nambala ya release.

Musaphatikize zitatuzi kukhala nambala imodzi. Onani FFmpeg: kuchokera pa 4.0 ya 2018 mpaka 4.4 ya 2021 libavcodec inakhalabe pa 58, ma release onsewo anabwera ndi zatsopano zambiri koma pulogalamu yomwe inabildidwa pa 4.0 imatha kugwirabe ntchito ndi laibulale ya 4.4. A x264, laibulale yopanikizira vidiyo, anafika poti alibe nkomwe ma release a manambala okongola, ali ndi X264_BUILD mu x264.h basi, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe mumaiona pa dzina la fayilo ngati libx264.so.164. Kwa iwo lonjezo lofunika ndi la laibulale lokha.

Chachiwiri: sankhani kawerengedwe ndipo mukalembe mu repo

Njira zodziwika ndi zochepa. Pali SemVer, yomwe analemba Tom Preston-Werner, manambala atatu MAJOR.MINOR.PATCH. Mukaphwanya zomwe anthu amadalira mukweza yoyamba, mukaonjezera chatsopano osaphwanya chakale mukweza yachiwiri nkubweza yachitatu pa 0, mukangokonza bagi mukweza yachitatu. Pali njira ya kalendala, Shotcut amalemba chaka, mwezi ndi tsiku ngati 24.01.28, Kdenlive amatsata KDE Gear ndi manambala ngati 23.08 kutanthauza August 2023, yt-dlp, yotsitsira mavidiyo pa intaneti, nayo imangolemba deti. Kenako pali njira ya GStreamer yoti nambala yapakati ikakhala yogawika ndi 2 monga 1.22 kapena 1.24 ndi yokhazikika, ikakhala 1.23 ndi ya okonza okhaokha.

Maganizo anga ndi awa. Ngati muli ndi laibulale, tengani SemVer kapena china chofanana nayo, palibe zokambirana, chifukwa deti siliuza munthu ngati code yake ibildikabe. Ngati ndi pulogalamu ya anthu wamba, ya deti ndi yabwino kwambiri, makamaka ngati ntchito yanu imadalira zinthu zosintha msanga. yt-dlp ndi chitsanzo chabwino, ma website amasintha mwadzidzidzi, nde munthu akangoona kuti veshoni yake ndi ya miyezi eyiti yapitayo wadziwa kale vuto lake asanafunse aliyense. Ya GStreamer ija imawayendera iwowo chifukwa ali ndi anthu ambiri ndipo akhala nayo kuyambira kale, koma pa pulojekiti ya anthu atatu ndi mtolo chabe, ogwiritsa ntchito sadziwa lamulolo amangotenga nambala yayikulu.

Nanga 0.x? SemVer imati pa 0 chilichonse chitha kusintha nthawi iliyonse, ndipo anthu amabisala kumeneko zaka ndi zaka. HandBrake inayamba mu 2003 koma 1.0.0 inatuluka mu December 2016, mpv nayo yatha zaka zoposa 10 ili pa 0 point chakuti. Kwa player palibe vuto kwenikweni. Koma ngati anthu ayamba kale kubilda zinthu zawo pa laibulale yanu, 0 uja sakuteteza aliyense, mukaphwanya adzakwiya chimodzimodzi, bola mungotulutsa 1.0 muyambe kusunga malamulo.

Mayina a release ndi zosangalatsa chabe, FFmpeg amatcha asayansi, 5.0 Lorentz, 6.0 Von Neumann, 7.0 Dijkstra, 8.0 Huffman, ndipo la Huffman lija linakwanira bwino chifukwa njira yake yopanikizira data ili mu JPEG ndi MP3 momwe. Chitani ngati mukufuna koma script iliyonse isadalire dzina.

Mukasankha lembani mu fayilo ya CONTRIBUTING kapena mu doc, mizere teni yokha ndi yokwanira, kuti tsiku lina wina akatumiza patch musamakangane nkhani yomwe munamaliza kale.

Chachitatu: nambala ikhale malo amodzi

Apa sipafunika nzeru zambiri koma mpamene ambiri amagwera. Nambala yalembedwa mu build system, mu header, mu bokosi la About, mu installer ya Windows, mu Info.plist ya macOS, mu man page, ndiye tsiku la release wina wasintha malo anayi waiwala awiri. Ikani malo amodzi, ena onse azitenga kuchoka pamenepo nthawi ya build. Pa Meson ndi mu mzere wa project, mumalemba version : '1.4.0' kenako meson.project_version() ikupatsani paliponse. Pa CMake ndi project yokhala ndi VERSION 1.4.0 kenako PROJECT_VERSION ndi configure_file kuti ilowe mu header. Ngati muli ndi app ya Android kumbukirani kuti kumeneko kuli ziwiri, versionName yomwe anthu amaona ndi versionCode yomwe ndi nambala yathunthu yoyenera kumangokwera, iwerengetseni kuchokera pa nambala yomweyo osati kumailemba pamanja.

FFmpeg ali ndi fayilo ya RELEASE ya nambala ya pulogalamu, ndipo laibulale iliyonse ili ndi version.h yake. Mu libavcodec anachita kupatula major yokha kuiyika mu version_major.h, chifukwa minor imasintha pafupipafupi ndipo header imodzi ikasintha pafupifupi laibulale yonse imabildidwanso, chinthu chotopetsa pa code yochuluka chonchija.

Komanso musafanizire manambala ngati mawu. Kwa kompyuta yowerenga zilembo 1.10 ndi yaying'ono kuposa 1.9, ndipo kwa yowerenga ngati decimal 1.10 ndi 1.1 ndi chinthu chimodzi. Perekani macro yosandutsa zitatuzo kukhala nambala imodzi. Ya FFmpeg ndi AV_VERSION_INT, imakankha major ma bit 16, minor ma bit 8, nkuphatikiza micro, yomwe ndi nambala yachitatu ija. Onani malire ake: minor ndi micro sizingadutse 255. Zikumveka ngati kutali koma libavcodec ya 4.4 inali itafika kale 58.134, nde ngati mukukweza minor pa codec iliyonse yatsopano werengerani bwino. Mu shell gwiritsani sort -V.

Chachinayi: malamulo okwezera, makamaka nkhani ya ABI

Apa ndichedwapo chifukwa mpamene pali ngozi zenizeni. API ndi zomwe munthu amalemba mu code yake, mayina a ma function, ma parameter, ma struct. ABI ndi mmene pulogalamu yobildidwa kale imalankhulira ndi laibulale ili mu memory, monga kuti field yakuti ili pa byte ya chingati mu struct. Mutha kusunga API yonse bwinobwino koma ABI nkuphwanyika. Mwachitsanzo mwaika field yatsopano pakati pa struct, code ya mnzanu ibildika popanda dandaulo lililonse, koma pulogalamu yake yomwe inabildidwa mwezi watha ikakumana ndi laibulale yatsopano iwerenga width pamalo pomwe pano pali china. Pa vidiyo zotsatira zake ndi chithunzi chobiriwira, mizere yopendekera, mawu othamanga, kapena crash yobwera pakatha mphindi 40 za filimu, ndipo bagi yotere amakaipereka kwa mnzanuyo osati kwa inu.

Mankhwala ake ndi soname, dzina lomwe pulogalamu imasakira laibulale ikamatseguka. Pa Linux dzina la laibulale limanyamula major, libavcodec.so.60 ya FFmpeg 6 ndi libavcodec.so.61 ya FFmpeg 7, ziwirizi zitha kukhala pa kompyuta imodzi osamenyana. Uthenga uja woti error while loading shared libraries: libavcodec.so.60 umakwiyitsa inde, koma ndi chitetezo chikugwira ntchito, pulogalamu yakana kuyamba mmalo moononga vidiyo ya munthu mwakachetechete. Choncho lamulo ndi loti ABI ikaphwanyika major ya laibulale ikwere ndipo soname isinthe nayo, pa Meson ndi soversion, pa CMake ndi SOVERSION. Onetsetsani ndi readelf -d pa fayilo ya .so muone mzere wa SONAME. Ngati mukugwiritsa libtool samalani, manambala ake atatu a current, revision ndi age si MAJOR.MINOR.PATCH, osangokopera nambala ya release kuika pamenepo.

Kuti musamakweze major mwezi uliwonse, pangani ma struct anu mochenjera. FFmpeg amati kukula kwa AVFrame si gawo la ABI, munthu saloledwa kuyiika pa stack, ayenera kuitana av_frame_alloc, ndipo ma field atsopano amaikidwa kumapeto. Motero atha kuonjezera zinthu pa minor yokha. AVPacket poyamba inalibe lamulo limeneli ndipo zinawamanga manja, mpaka mu 4.4 anayamba kuuza anthu asiye av_init_packet azigwiritsa av_packet_alloc. Inu amene mukuyamba kumene phunziranipo, bisani ma struct kuyambira tsiku loyamba, kapena aperekeni kudzera mu function yopangira ndi yofufutira.

Lamulo la tsiku ndi tsiku likhale ili: patch yomwe yaonjezera function, codec, filter kapena format, ikweze minor mu commit yomweyo nkubweza micro pansi. Patch yongosintha khalidwe pang'ono, monga option yatsopano pa encoder yomwe ilipo kale, ikweze micro. Kuchotsa kapena kusintha chilichonse cha public kudikire major. Mwina mwadabwa kuti micro ya FFmpeg imayambira pa 100 osati 0, ngati 61.3.100. Izi zinachokera ku mkangano wa 2011 pomwe gulu lina linapatuka nkuyambitsa Libav, ma laibulale mayina ofanana ndendende koma zamkati zosiyana, nde FFmpeg anayamba micro pa 100 kuti code izitha kuzindikira kuti ikulankhula ndi uti. Libav inazilala koma 100 uja anatsala. Inu yambani pa 0, musakopere chipsera cha eni.

Osadalira maso okha. Ikani abidiff ya libabigail mu CI, makina aja obilda ndi kuyesa code okha mukapusha, kuti izifanizira .so ya release yapitayo ndi ya pano, ikapeza kusintha pomwe major sinakwere build igwe.

Pali zina zomwe SemVer siyitchula koma pa vidiyo ndi zazikulu. Command line nayo ndi API, chifukwa anthu ali ndi ma script pa server omwe analemba zaka zapitazo ndipo palibe amawatsegula. Mukasintha dzina la option, yakaleyo ipitilize kugwira ntchito ndi chenjezo, mmene FFmpeg anachitira pobweretsa -fps_mode mu 5.1 kulowa mmalo mwa -vsync. Kusintha default nakonso, tinene encoder yanu imatulutsa quality ina munthu akapanda kutchula, pano mwaisintha, palibe function yomwe yasowa koma mafayilo a anthu akula kapena aoneka mosiyana. Izi musazibise mu patch release olo zitakhala zabwino chotani, zidikire minor ndipo zilembedwe pamwamba pa changelog. Njira yodziwira kuti output yasintha ndi ma test ofanizira checksum ya ma frame, FFmpeg ali ndi yawo yotchedwa FATE. Checksum ikasintha pa commit yomwe imati ndi kukonza pang'ono, imani kaye mufunse chifukwa.

Chachisanu: chotsani zakale pang'onopang'ono

Major ikamakwera isakhale ngozi yogwera anthu. Function yomwe mukufuna kuchotsa iyambe yapatsidwa chizindikiro cha deprecated kuti compiler izichenjeza, yolowa mmalo mwake ikhale ilipo kale, kenako dikirani. avcodec_decode_video2 inatchedwa yakale mu FFmpeg 3.1 mu 2016 pomwe anabweretsa avcodec_send_packet ndi avcodec_receive_frame, koma inachotsedwa mu 5.0 mu January 2022. av_register_all inatchedwa yakale mu 4.0 nkuchoka mu 5.0 momwemo. Ndipo olo anapereka zaka zonsezo, 5.0 itatuluka mapulojekiti ambirimbiri analephera kubildika chifukwa ma warning anthu sawerenga, eti. Ndiye inu amene mukuganiza zochenjeza mwezi uno nkuchotsa mwezi wamawa ganizaninso.

Kachenjerero kawo nkoyenera kukopera. Code yakale iliyonse amaikulunga mu macro yoyamba ndi FF_API_ yomwe imakhala yoona pokhapokha major ili pansi pa nambala yakuti. Tsiku lokweza major ma macro aja amazima okha, code yakale yatuluka mu build, chotsala nkusesa. Ubwino wina ndi woti mutha kukweza major pa kompyuta yanu kongoyesa lero lomwe muone ngati code yanu yomwe ikudalirabe zakale.

Sunganinso fayilo ngati doc/APIchanges yawo, mzere uliwonse uli ndi deti, commit, veshoni ya laibulale ndi header yomwe yasintha. Munthu amene akufuna pulogalamu yake igwire pa veshoni zingapo amatsegula fayilo imeneyi nkudziwa nambala yeniyeni yoika mu #if yake. Changelog wamba ndi ya ogwiritsa ntchito, iyi ndi ya olemba code, musaziphatikize.

Ngati muli ndi ma plugin, dziwani kuti zomwe inu mumadalira nazo ndi gawo la lonjezo. OBS Studio 28 mu 2022 inasamukira ku Qt 6 ndipo ma plugin ambiri anafunika kubildidwanso. Kusintha kotere ndi kwa major, ndipo olemba ma plugin apatseni beta nthawi ikadalipo.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku la release

Dulani branch kaye, FFmpeg amazitcha release/7.0, inu mutha kuitcha release/1.4. Kuyambira pamenepo branch imeneyi ilandira zokonza zokha, zatsopano zonse zipite ku master kapena main. Mukangodula, kwezani minor pa main pompo, apo ayi mukhala ndi code ziwiri zosiyana zonyamula nambala imodzi, ndipo wina akabwera ndi bagi simudziwa ali mbali iti. FFmpeg amakweza minor ya ma laibulale onse pa nthawi yodula branch pa chifukwa chomwechi.

Pa branch ija konzani changelog, ikani nambala, tulutsani 1.4.0-rc1, rc kutanthauza release candidate, yoyesera release yeniyeni isanatuluke, muyisiye kwa sabata kapena awiri. Pa vidiyo rc ndi yofunika kuposa pa mapulogalamu ena chifukwa simungakhale ndi hardware yonse, wina ali ndi NVIDIA, wina Intel ya VAAPI, wina Mac ya VideoToolbox, wina Raspberry Pi, ndipo bagi za hardware decoding zimaoneka pa makina a anthu basi.

Zikakhala bwino ikani tagi, chizindikiro cha git chomata nambala pa commit ya release:

git tag -a v1.4.0 -m "1.4.0"
git push origin v1.4.0

-a uja musamusiye, amapanga tagi yokhala ndi dzina la woika ndi deti, ndipo git describe mwachizolowezi imaona ma tagi otere okha. Ngati muli ndi kiyi ya GPG gwiritsani -s. Kalembedwe ka tagi sankhani kamodzi, FFmpeg amalemba n7.0, ambiri amalemba v1.4.0, ena nambala yokha, zonse nzabwino bola osasinthasintha chifukwa ma script a anthu opanga ma package amasaka ndi pattern. Tarball, fayilo imodzi yomanga code yonse ya release, ipangidwe kuchokera pa tagi osati pa folda yanu yogwiriramo ntchito, muyitsegule malo ena muyibilde muone ngati ikutchula nambala yolondola, kenako ikani checksum ya SHA-256 pambali pake.

Chachisanu ndi chiwiri: ma build a pakati pa ma release

Pa mapulojekiti a vidiyo anthu ambiri amagwiritsa ma nightly, ma build a tsiku ndi tsiku ochokera ku main, chifukwa akufuna codec yomwe yangolowa kumene. Build yotere isamadzitche 1.4.0. Lolani build system iitane

git describe --tags --dirty

ikupatsani zonga v1.4.0-23-g3f9a1c2, kutanthauza ma commit 23 pambuyo pa tagi, ndipo zilembo zotsatira g ndi chiyambi cha hash. Ikathera ndi dirty ndiye kuti wobildayo anali ndi zosintha zake zosalowa mu commit, bagi yake muyitenge mosamala. Ma build a master a FFmpeg ndi aja amayamba ndi N- kenako nambala ya ma commit ndi hash.

Misampha ilipo iwiri. Tarball ilibe folda ya .git choncho git describe ilephera, payenera kukhala pogwera, fayilo ya VERSION yolembedwa nthawi yopanga tarball. Winawo ndi CI, actions/checkout ya GitHub imangotenga commit imodzi popanda mbiri, nde ma tagi saoneka ndipo build yanu ituluka ndi nambala yachabechabe, ikani fetch-depth: 0.

Pulogalamu yanu ikamasindikiza veshoni itchulenso ma laibulale omwe ikudalira, kawiri: nambala yomwe inabildidwa nayo kuchokera mu header, ndi nambala yomwe yapezeka pa makina potsegula kuchokera ku function ngati avcodec_version. Ziwirizi zikasiyana theka la kafukufuku latha. Ndipo mzere umenewu uzilowa wokha pamwamba pa log iliyonse, musadalire kufunsa munthu kuti muli pa veshoni yanji chifukwa yankho limakhala loti yatsopano. Kwathu kuno bundle ndi yodula, setup imayenda pa flash kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, nde yatsopano ya munthu itha kukhala ya zaka zitatu zapitazo, iye sakunama, anaipeza dzulo.

Chachisanu ndi chitatu: kusamalira ma branch akale

Bagi ikapezeka ikonzeni pa main kaye kenako muibweretse ku branch ndi git cherry-pick -x, -x uja amalemba hash ya commit yoyambirira mu uthenga kuti mawa muzidziwa zomwe zalowa ndi zomwe zatsala. Mukatero tulutsani 1.4.1. Mu release yotere musalowe function yatsopano, musasinthe default, musakweze veshoni ya laibulale yomwe mumafuna. Anthu akangolumidwa kamodzi ndi patch release amasiya kukweza, ndipo pa vidiyo zimenezo nzoopsa chifukwa demuxer ndi decoder zimatsegula mafayilo ochokera kwa aliyense pa intaneti, fayilo yopangidwa mwadala itha kudutsa pa bagi ya memory. FFmpeg imayesedwa ndi OSS-Fuzz ya Google nthawi zonse ndipo zokonza zambiri mu ma point release awo ndi za mtundu umenewu.

Nenani poyera ma branch omwe mukusamalira. Chomwe chimavuta ndi choti ma distro, mitundu ya Linux monga Ubuntu ndi Debian, amagwira veshoni imodzi zaka zambiri, Ubuntu 22.04 ili ndi FFmpeg 4.4, Debian 12 ili ndi 5.1, Ubuntu 24.04 ili ndi 6.1. Izi zikukukhudzani mbali ziwiri. Veshoni yanu yomwe yalowa mu distro ikhala mmanja mwa anthu nthawi yaitali kuposa mmene mumafunira, komanso ngati pulojekiti yanu imadalira FFmpeg muyenera kusankha yakale kwambiri yomwe mukuilola, muilembe mu build system kudzera pkg-config monga libavcodec >= 58, ndipo CI iziyesa yakaleyo ndi yatsopano yomwe. Onani kuti pkg-config --modversion libavcodec imabweza nambala ya laibulale osati ya release, nchifukwa chake ndalemba 58 osati 4. Ngati muli awiri kapena atatu pa pulojekiti, branch imodzi yakale ndi yokwanira, osalonjeza zisanu.

Chomaliza: tagi ikatuluka yatuluka

Mwapusha v1.4.0 kenako mwaona kuti fayilo ina yasowa mu tarball. Mtima umafuna kufufuta tagi nkuyiikanso mwakachetechete, musatero. Ma mirror atenga kale, Homebrew, Arch ndi ena amasunga checksum ya tarball, ikasintha pansi pa nambala yomweyo kwa iwo zimaoneka ngati wina walowa pa server nkusintha code. Komanso git fetch wamba salemba pamwamba pa tagi yomwe munthu ali nayo kale, nde pakhala anthu awiri onse akuti ali pa v1.4.0 koma code yosiyana. Tulutsani 1.4.1 olo patangopita ola limodzi, manambala sagulidwa.

Ganiziraninso mmene ma package manager amasanjira. Kwa SemVer 1.4.0-rc1 imabwera 1.4.0 isanafike, koma dpkg ili ndi malamulo ake, kumeneko chizindikiro cha ~ ndi chomwe chimachititsa veshoni kuwerengedwa ngati yakale kuposa inzake, ndiye opanga package amalemba 1.4.0~rc1. Athandizeni posunga kalembedwe kamodzi ka rc kuti azisintha ndi script, osati lero rc1 mawa RC-2 mkuja pre3. Mutha kuyesa nokha ndi dpkg --compare-versions.

Ndipo nambala isabwerere mmbuyo. Izi zimachitika pulojekiti ikasintha kawerengedwe, inali pa 24.01 ya kalendala pano yaganiza zoyamba SemVer pa 1.0, kwa apt ndi dnf 1.0 ndi yakale kuposa 24.01 choncho palibe amene alandire update. Chomwe ma distro amachita ndi kuika epoch, nambala yokhala kutsogolo ndi colon yomwe imaposa zonse, package ya ffmpeg pa Debian ndi Ubuntu ili nayo, mukalemba apt policy ffmpeg muona veshoni ikuyamba ndi 7: olo FFmpeg yake ndi 5.1 kapena 6.1, ndipo epoch ikalowa siyichotsedwanso. Ngati mukusamuka kuchoka pa kalendala kupita ku SemVer yambirani pa major yoposa nambala yomaliza ya kalendala, ngati munali pa 24.01 yambani 25.0.0. Kuchoka pa SemVer kupita ku kalendala kulibe vuto limeneli chifukwa 25.04 kapena 2025.04 ndi yayikulu kale kuposa 1.4 yanu.